Za besi yanga ija imalira ngati njuchi

Abale, sabata yatha ndinafunsa za nsambo ya E pa gitala yanga ya besi, yomwe imachita phokoso ndikagwira ma fret oyambirira (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala). Amene munati khosi lawongoka mopyola muyeso munalasa. Ndinamasula truss rod (chitsulo cha m'kati mwa khosi chomwe chimaliwongola) ndi kasipanala ka Allen key, kupotokola kota chabe, n'kuisiya usiku wonse. Kutacha nsambo zinali zitakwerako, phokoso lija zii!

Koma mawu anali ogonthabe. Kuziyang'anitsitsa nsambo zinayi zonse, litsiro ndi dzimbiri zokhazokha: chinyezi cha kunyanja kuno ku Nkhotakota, kuphatikiza thukuta la mu Okutobala. Ndinaziwiritsa m'madzi mphindi 15, mayi akunyumba n'kukwiya ndi poto wawo. Litsiro lachoka, zikumvekako bwino, koma dzimbiri silichoka. Zatsopano ndikagula ku Lilongwe.