Malungo a mbalame za penguin: kodi kayezedwe ka kuchipatala kangagwire?

Chisale_Lab:
Ndifunse nawo kwa odziwa za mbalame za m'nyanja. Akuti ma penguin a ku South Africa amafa ndi malungo akakhala kumalo owasamalira ngati SANCCOB ku Cape Town. Kodi magazi awo amayezedwa monga a anthu, dontho la magazi lochindikala pagalasi ndi RDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu? Nanga bwanji akakhala kuzilumba matendawa samveka kwenikweni?

NaMbewe:
A Chisale, RDT isiyeni. Yambiri imafufuza HRP2, puloteni ya kachilombo ka malungo a anthu kotchedwa falciparum, pomwe chovutitsa penguin ndi Plasmodium relictum ndi Plasmodium elongatum, zomwe amafalitsa ndi udzudzu wa Culex, osati Anopheles. Dontho lochindikala nalonso n'kutaya nthawi. Maselo ofiira a mbalame ali ndi nyukiliyasi, ndiye akasweka m'madzi galasi lonse limangodzaza manyukiliyasi, kachilombo osaoneka.

Tengani magazi pamtsempha wa mkati mwa mwendo, cham'mwamba mwa phazi. Pakani mopyapyala nthawi yomweyo, magalasi awiri. Umitsani msanga ndi fani, chifukwa chinyontho cha m'mbali mwa nyanja chimasiya timathovu m'maselo ndipo wosazolowera amatiwerenga ngati tizilombo. Tsiku lomwelo viikani mu methanol kwa mphindi imodzi, kenaka utoto wa Giemsa wa 10 peresenti m'madzi a pH 7.2, pafupifupi ola lathunthu. Madzi a pampopi amasokoneza mtundu. Onani ndi lenzi ya 100x ya mafuta, malo osachepera 100 musananene kuti mulibe kanthu. Madontho otsala sungani mu ethanol kuti akayezedwe PCR, njira yofufuza DNA ya kachilombo.

Gama_Vet:
Ndiwonjezere pa zomwe anena mayi NaMbewe: si chilichonse chili m'selo chomwe ndi malungo. Plasmodium imakhala ndi timadontho takuda, ndipo mumaipeza ikugawikana m'selo lofiira momwemo. Haemoproteus, mtundu wina wa tizilombo, nayo ili ndi timadonthoto koma m'magazi siigawikana, imangokhota mozungulira nyukiliyasi ngati nthochi. Imeneyo imapezeka kwambiri mu mbalame zina za m'nyanja zotchedwa frigatebird. Penguin wa ku Africa ali ndi winanso, Babesia peircei, wobwera ndi nkhupakupa. Alibe timadontho takuda, ndipo nthawi zina tiana take tinayi timapanga kamtanda. Akadali wamng'ono amafanana kwambiri ndi Plasmodium, apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Winanso, Leucocytozoon tawaki, ndi wa ma penguin a ku Fiordland, New Zealand, komwe kuli tintchentche takuda toluma tomwe timamufalitsa.

Kachingwe77:
Funso lachiwiri lija yankho lake ndi udzudzu. Pazilumba zouma, zamphepo, zopanda madzi abwino odikha, Culex saswana bwino, choncho mbalamezi zimakula thupi lisanakumanepo ndi kachilomboka. Zikadzabwera kumtunda zitafooka ndi njala kapena mafuta otayika m'nyanja, monga zija pafupifupi 19,000 za ngozi ya sitima ya Treasure mu 2000, zimapeza udzudzu womwe waluma kale mbalame zakumtunda. SANCCOB ya ku Table View ili pafupi ndi dambo la Rietvlei, ndipo vuto limakula m'miyezi yotentha.

Chomwe ndikufuna mugwire, achimwene, n'chakuti galasi loyera silitanthauza kuti mbalame ili bwino. Kachilomboka kamaswana kaye m'kapamba, m'chiwindi ndi m'mapapo, ndipo penguin atha kufa mwadzidzidzi m'magazi muli tochepa kwambiri. Ikafa, ing'ambeni: kapamba ndi chiwindi zotupa, mapapo odzaza madzi, madzi ena ozungulira mtima. Dindani kachidutswa ka kapamba pagalasi n'kupaka Giemsa yemweyo. Popeza tizilomboti timakhala m'magazi ndi m'ziwalo momwe, amapereka mankhwala awiri, chloroquine wa ta m'magazi ndi primaquine wa tobisala m'ziwalo, ndipo mlingo amauwerenga dokotala wa ziweto potengera kulemera kwa mbalame. Zamoyo muziziyeza sabata iliyonse nyengo ya udzudzu, khola likhale ndi neti ndi mafani usiku, ndipo mabeseni ndi ngalande zisagone ndi madzi.