Njira yotsikira ku mtsinje: tisonkhe tokha kapena tipite ku khonsolo?

Mlembi wa gulu: Abale ndi alongo, amfumu atumiza uthenga wonena kuti njira yotsikira ku mtsinje, imene ana amadutsa popita ku sukulu komanso amayi popita ku chigayo, yakumbika kwambiri kuyambira pamene namondwe wa Freddy anakokolola dothi mu Malichi 2023, ndipo mitengo ya pamlatho yawola. Akufunsa ngati gulu lathu lingathandizepo.

Membala wa ku Johannesburg: Zikomo a Mlembi. Ine ndikuti tisonkhe ndalama, tigule simenti ndi matabwa, ntchito iyambe mvula ya mu Novembala isanagwe. Mwana akaterereka n'kugwera m'madzi, sitidzauza makolo ake kuti tinkadikira makalata.

Mphunzitsi wopuma: Mwanangu, mtima wako ndi wabwino, koma undilole ndifotokoze mmene ndalama za boma zimayendera. Chikhazikitsireni lamulo la maboma aang'ono mu 1998, chitukuko chimayambira pa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, pamene anthu amalemba zosowa zawo m'dongosolo la mudzi, kenako ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, imasankhapo zofunika n'kuzipereka ku khonsolo kuti zilowe m'dongosolo la chitukuko cha boma lonse. Ntchito imene sinalembedwe m'menemo ndi yovuta kuipezera ndalama, kaya za DDF, thumba la chitukuko cha boma, kaya za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu limene linayamba mu 2006. Musayembekezerenso kanthu ku bungwe loona za misewu la Roads Authority, chifukwa ndalama za msonkho wa pa mafuta zimapita ku misewu, osati ku tinjira ta oyenda pansi ngati kathuka. Tikamanga tokha mwakachetechete, mlathowo udzakhala wa ife mpaka kalekale, ndipo ukadzathyoka aliyense adzaloza gulu lino.

Mayi wa m'komiti ya VDC: Aphunzitsi anena zoona, koma pali china chimene inu a m'tauni simuchiona. Njirayi tinailemba kale, koma tikakhala pansi kuti tisankhe choyamba, mjigo ndi chipinda chophunziriramo ndi zimene zimapambana nthawi zonse, ndipo sindingawadzudzule anthu, pakuti ludzu silidikira.

Msungichuma: Ine ndaima pakati. Kukumba ngalande zopatutsa madzi, kuyala miyala potsetsereka ndi kudzala udzu wa vetiva m'mbali ndi ntchito imene mudzi ungaigwire ndi makasu ake, ife n'kungogula zipangizo zochepa. Koma mlatho ndi nkhani ina. Amene sadziwa pamene madzi amafika akasefukira adzamanga pansi kwambiri, simenti yathu n'kupita ndi mtsinje, choncho ndikupempha kuti tilembere ofesi yoona za zomangamanga ku khonsolo itumize katswiri adzayeze malowo tisanatulutse ngakhale tambala imodzi.

Membala wa ku Johannesburg: Ndavomera, Mayi Msungichuma, bola tigwirizane tsiku. Katswiriyo akapanda kubwera pofika kumapeto kwa Seputembala, tisinthe mitengo yowolayo kuti ana awoloke chaka chino.

Wapampando: A Mlembi alembe kalatayo sabata ino, idzere kwa amfumu ndi kwa khansala wa dera lathu kuti asadzadabwe. Mayi a ku VDC, chonde tiuzeni tsiku limene ADC idzakumane, kuti mmodzi wa ife akakhalepo pamene nkhani ya mlathoyi ikukambidwa.