Ndidzale udzu wanji wokongoletsa pakhomo wosafuna madzi ambiri?

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde. Abale, kapinga wanga wapsa yense, pakhomo pangotsala fumbi. Mnyamata amene anandidzalira uja anapita ndi khasu langa, mpaka lero foni sayankha. Kuthirira ndasiya chifukwa bilu ya madzi ya mwezi watha, bambo a kunyumba ataiona anadya nsima osandiyang'ana. Ndiye mu Disembala muno kuli chinkhoswe cha mlamu wanga, apongozi alamula kale kuti chichitikire kwathu, ndipo ndi aja oti akalowa pageti amayamba ayang'ana pansi asanapereke moni. Nkhuku za aneba nazo zikungopalasa paliponse, ndikanena akuti ndimadzimva. Ndaona pa Facebook udzu wina wautali wa ngayaye zofiirira. Kodi umapirira dzuwa? Ndithandizeni, mutu waima.

Mlimi wa ku Balaka: VETIVA mayi. Zina zonsezo n'kutaya ndalama. Mizu yake imalowa pansi mpaka mamita atatu, ndiye dzuwa la Okutobala silimuopsa. Alangizi akhala akutiuza za udzu umenewu kuyambira kalekale koma anthu a m'tauni simumva.

Wa nazale: Mayi, muli dera liti, ndipo pamalopo pamawomba dzuwa tsiku lonse kapena pali mthunzi wa mitengo? Popanda zimenezi tingokunamizani. Umene mwaonawo ndi fountain grass wofiirira. Umapirira ukagwira, koma pamthunzi suchita bwino.

Make mapasa: Udzu wautali pakhomo?? Ine ayi. Kwa mchemwali wanga tinapeza mphiri itadzipinda patsinde pomwe ana amasewera. Ndinachita kuthawa chitenje m'manja. Ingosesani pabwalo, agogo athu ankasesa ndipo kunalibe mabilu.

Mlimi wa ku Balaka: Njoka imatsata makoswe mayi, sitsata udzu. Samalani nkhokwe ndi dzala lanu. Kwanga vetiva wazungulira nyumba yonse ndipo ndikugona mtendere.

Make mapasa: Bambo, sindinakufunseni. Kapena mumagulitsa vetivayo?

Wa ku Joni: Kuno ku Johannesburg ndimagwira ntchito ya m'magadeni. Musayerekeze kudzala pampas grass, uja wa ngayaye zoyera zikuluzikulu. Boma la kuno linauletsa chifukwa umafalikira n'kulanda malo a zomera zina, komanso masamba ake amacheka manja. Fountain grass wobiriwira nayenso ali pa mndandanda womwewo. Wofiirira uja sabereka mbewu kwenikweni, timangogawa tsinde n'kudzala.

Mkulu wa mpingo: Chaka cha 2024 boma linalengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, anthu akugona ndi njala, inu mukulira udzu? Dzalani chinangwa ndi mbatata pamenepo. Chigwada mudya, udzu simudya.

Mtsikana wa pa Zomba: Kkkkk chinkhoswe chichitikire m'mizere ya mbatata, ankhoswe atakhala pamitumbira.

Membala wobisa dzina: Abambo, chakudya ndimalima kumudzi, musandiweruze. Ndipo aneba ankhuku aja ndikudziwa ali m'gulu lino, awerenge ndithu.

Wa nazale: Mayi, funso langa lija. Muli kuti?

Mlimi wa ku Balaka: Kulikonse kumene ali, VETIVA. Mumang'amba tsinde, mudule masamba atsale masentimita 20, mudzale motalikana masentimita 10 mpaka 15 pamzere. Samwaza mbewu, amakhala pomwe mwamuika. Mvula ikagwa yamphamvu amatchinga dothi kuti lisakokoloke. Mukameta masamba muphimbira mbewu kudimba. Tchulani udzu wanu wachizungu umene umachita zonsezi.

Wa ku Joni: Achimwene, mayiwa akufuna pokongola, sakukonza mgula wa m'munda. Komanso vetiva wanuyo pamthunzi amafooka, nenani zonse.

Mlimi wa ku Balaka: Inu khalani ndi za ku Joni. Munachoka liti kumudzi?

Aunt a ku Area 25: Musazule kapinga mayi! Safa ameneyo, amangogona. Mvula yoyamba ikagwa muona aphukanso yekha. Ine ndinazulitsa wanga n'kugula wina, ndalama zinangopita. Pakadali pano madzi otsukuluzira zovala muzithira pamenepo, bola asakhale a Jik.

Make mapasa: Bola lemon grass, tiyi mumwa komanso amathamangitsa udzudzu.

Mphunzitsi wopuma: Za udzudzuzo ndi nkhambakamwa. Fungo limatuluka masamba akatikitidwa, tsinde longoima pakhomo silikutetezani. Gonani m'neti. Koma tiyi wake ndi wabwino, pamenepo tagwirizana.

Wa nazale: Poti sakuyankha ndingonena. Udzu wopirira chilala umafunabe kuthirira milungu yoyambirira mpaka mizu igwire, ndiye kudzala pano kukutentha chonchi mungoupsereza. Dikirani mvula ikhazikike. Ikani manyowa owola bwino m'dzenje, phimbirani ndi makoko a mtedza. Utuchi samalani nawo, umaitana chiswe. Ndipo kunena zoona, chodzala pano sichidzakhala chitakula pofika chinkhoswe. Gulani matsinde akuluakulu a m'miphika muike pakhonde ndi pageti. Wina waulere ndi uja wa maluwa a pinki womera m'mbali mwa msewu mvula ikamatha, anthu amaupeputsa koma ndi wokongola.

Mtsikana wa pa Zomba: Ine ndangobwera kudzamva za apongozi. Nanga bwanji osachitira kwawo chinkhoswecho?

Membala wobisa dzina: Mwafunsa bwino asisi. Akuti kwawo n'kothina, koma chaka chatha anachititsako zinkhoswe za ana a mchimwene wawo. Landilodi nayenso sindinamuuze.

Wa nazale: Aa, nyumbayo ndi ya lendi?

Mlimi wa ku Balaka: Ngakhale ya lendi. Posamuka mukumba vetiva wanu n'kunyamula m'thumba.