Zoonjezera pa funso la phiri la Mulanje

Mudafunsa ngati Mulanje ndi paki ngati ya Nyika. Ayi, ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo imayang'aniridwa ndi nthambi ya zankhalango. Chatsopano n'chakuti mu 2025 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, lidaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Ambiri okwera amayambira ku Likhubula, m'tsinde mwa phirili, kukagona ku Chisepo, kanyumba kogonamo alendo pafupi ndi nsongayi, n'kulawirira m'mamawa. Musakwere opanda wokulondolerani: chiperoni chikatsika, makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, njira imazimiririka ndipo miyala imaterera koopsa.

Chodandaulitsa ndi mkungudza. Ocheka matabwa mozemba adaupulula, ndipo moto wolusa umapsereza mbande zobzalidwa zisanakhwime.