Ndalipira tebulo pa feya ya kumapeto kwa mwezi, ndithandizeni nzeru

Nachisale wa ku Chilobwe

Moni nonse muno. Ndikupempha nzeru kwa amene munagulitsapo pa ma feya awa. Ine ndimapanga chiponde ndi juwisi wa malambe, ndimagulitsira pakhomo ku Chilobwe kuno ndi kwa anzanga a ku banki m'khonde basi, pagulu sindinatulukepo nazo. Nde mpingo wina wakonza feya pa galaundi ya sukulu loweruka la kumapeto kwa July, akuti kudzakhala makwaya, mpira wa ana, zakudya, ndipo ife a mageni ang'onoang'ono akutigulitsa malo. Tebulo ndalipira kale koma mmene tsiku likuyandikiramu mtima suli m'malo. Ndipange katundu wochuluka bwanji? Mtengo ndikweze poti ndalipira malo kapena ndisiye womwe wa pakhomo? Komanso mabotolo anga alibe chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu lija, kodi sakandilanda? Mpamba wake ndi ngongole ya ku gulu nde chonde ndiuzeni zoona zokhazokha.

Make Pemphero

Asisi mwachita bwino kufunsa tsiku lisanafike. Ine ndimagulitsa tsabola wa kambuzi wa m'mabotolo ndi uchi, ma feya a mipingo ndi a masukulu ndimapitako, ku Chichiri ku Trade Fair ya a MCCCI, bungwe la amalonda ndi a mafakitale lija, ndinakakhalako pansi pa gulu lathu la amayi, nde ndikuuzani zomwe maso anga aona.

Choyamba khalani pansi ndi kope usiku uno. Lembani ndalama ya tebulo, ya kabaza kapena minibasi yonyamula katundu kupita ndi kubwera, ayisi, majumbo, nkhomaliro yanu ndi ya okuthandizani. Mukaphatikiza mugawe ndi phindu lomwe mumapeza pa botolo limodzi, osati mtengo wa botolo ayi, phindu lenilenilo mutachotsa mtedza, chigayo, botolo, mchere ndi makala okazingira. Nambala yomwe ituluke ndi mabotolo oti mugulitse kuti mungobweza zomwe mwaononga. Ambiri sitipanga zimenezi, timaona chikwama chafufuma madzulo nkumati zayenda, pomwe ndalama zonsezo ndi za mtedza wa mawa.

Za kuchuluka kwa katundu, funsani okonza feyayo kuti chaka chatha kunabwera anthu angati komanso ogulitsa chiponde alipo angati. Koma ine ndingati chiponde pangani chambiri ndithu chifukwa chikatsala sichionongeka msanga, mukagulitsa pakhomo. Juwisi ndiye samalani naye, akatsala mawa lake wasasa. Ndipo musangotenga mabotolo akuluakulu. Munthu wa pa feya wabwera ndi ana atatu, wawalipirira pa geti, wawagulira chipisi ndi mafirizesi, m'thumba mwatsala K1,000 kapena K2,000, botolo lalikulu angoliyang'ana nkunena kuti ndibweranso, ndipo sabwera. Timabotolo ting'onoting'ono nditomwe timathamanga.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna muchimve ndi ichi. Ndalama ya feya simaitenga yonse tsiku lomwelo. Anthu omwe amandigula uchi mwezi ndi mwezi pano, a ku Namiwawa, a ku Nyambadwe, mayi wina wa golosale ku Chirimba yemwe amapikula katoni yathunthu, onsewa anandipeza pa tebulo ngati lanulo. Nde botolo lililonse lichoke ndi sitika yokhala ndi dzina la geni yanu ndi nambala ya WhatsApp yolembedwa mooneka bwino. Olo amene wangolawa osagula mupatseni kapepala ka nambala. Ndipo alawitseni anthu, dulani buledi timabenthu ting'onoting'ono, pakani chiponde, ikani m'mbale yovindikira, munthu azitenga ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mwana akalawa nkuyamba kukoka chitenje cha amake, malonda atheka pamenepo.

Wa Chiwaya ku Bangwe

Amayi apamwambawa anena zambiri, ine ndingoonjezera za panja poti ntchito yanga ya chipisi ndi ya panja tsiku ndi tsiku. Mwanena kumapeto kwa July eti? Blantyre timaidziwa tonse, mutha kudzuka kuli chiperoni, nkhungu yaphimba Soche yense, kamvula kowaza tsiku lonse anthu avala majuzi. Tsiku lotero juwisi wozizira palibe amamuyang'ana. Nde musamalize kupanga juwisi yense lachisanu, sungani ufa wa malambe wina, mudzuke mmamawa muone kumwamba kaye. Kukakhala kozizira ine nditakhala inu ndikhoza kutenga mafulasiki a tiyi ndi buledi wopaka chiponde chanucho, anthu amwa tiyi uku akulawa katundu wanu, bola mufunse okonzawo ngati akulola chifukwa pena malo a zakudya amagulitsa padera.

Chachiwiri mphepo. Pa galaundi palibe chotchinga, mwera ukabwera umanyamula ambulera ndi tenti zomwe, ndinaonapo tenti itagwera pa tebulo la mayi wina wa makeke zonse mu fumbi, zinali zomvetsa chisoni kwambiri. Tengani zingwe ndi zigubu za malita 5 zodzadza madzi kapena mchenga mumangirire miyendo yonse inayi. Chitenje chapatebulo muchipanire ndi mapegisi oyanikira zovala aja.

Malo pitani mukaone lachisanu madzulo ngati nkotheka. Kufupi ndi masipika ayi, mutha mawu ndi kukuwa ndipo kasitomala safuna kunenerera mtengo mokuwa. Kufupi ndi zimbudzi ayi. Kufupi ndi ife a chiwaya ndi a kanyenya kuli anthu ambiri koma muone komwe utsi ukulowera. Pa geti penipeni anthu amangodutsa ndalama asanaganize zotulutsa, malo abwino ndi njira yochoka kosewera ana kupita kwa zakudya. Ndipo musapite nokha achemwali, mukufunika munthu wina woti mukatembenuka kutsegula kula bokosi maso ake ali pa tebulo.

Mphunzitsi wa Zingwangwa

Ine pa za mtengo ndikuti kwezani pang'ono. Anthu akabwera ku feya amakhala akonzeka kuononga, komanso malo mwalipira. Chikhalireni kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023 muja palibe amadabwa ndi mtengo wokwera, shuga ndi mabotolo zomwe zinakwera.

Make Pemphero

Aphunzitsi apa ndikutsutsani mwaulemu. Kukweza chifukwa shuga ndi mabotolo zakwera nzoona, koma akweze konse, pakhomo ndi pa feya pomwe, mtengo ukhale umodzi. Feya ya mpingo kumabwera anthu omwewo a m'dera, aneba awo a ku Chilobwe adzakhala pompo, akaona botolo lomwe amagula pakhomo lakwera chifukwa lakhala pa tebulo la nsalu, nkhani imeneyo ifika ku mjigo lolemba. Komanso amene watenga nambala akadzaimba nkumva mtengo wina amayamba kukaika kuti kodi woona ndi uti. Bola mulembe mitengo pa katoni ndi maka yakuda, zilembo zikuluzikulu, chifukwa anthu ambiri amachita manyazi kufunsa, amaopa kuti akafunsa nkupezeka ndalama sizikukwana aoneka bwanji. Ofuna kunenerera musawatsitsire botolo limodzi, auzeni kuti mukatenga awiri ndichotsako pang'ono, kapena muwaikire basela ya kabotolo ka juwisi.

NaPhiri wa za Umoyo

Funso la MBS lisakwiririke chonde. Malawi Bureau of Standards ndi omwe ali ndi udindo woona zakudya zopakidwa m'mabotolo ndi m'mapaketi, ndipo mashopu akuluakulu salandira katundu wopanda chizindikiro chawo. Likulu lawo lili mu Blantyre momuno, pitani mukafunse ndondomeko yake, musadikire kuti geni ikule kaye. A khonsolo ya mzinda nawo ali ndi a zaumoyo omwe amayendera malo ogulitsira zakudya, nde funsani okonza feyayo ngati anatenga chilolezo ku khonsolo komanso ngati chikukhudza inu ogulitsa zakudya. Sindikukuopsezani ayi, koma tonse tikukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023 mmene inavutira mu mzinda muno mpaka masukulu anachedwa kutsegulira, kuyambira pamenepo anthu amayang'anitsitsa juwisi wopanga pakhomo.

Nde madzi a juwisi muwiritse kapena muthire Waterguard, mabotolo akhale atsopano osati otola, ayisi akhale kunja kwa botolo mu kula bokosi osati woponya mkati mwa juwisi. Pa tebulo ikani kandowa ka mpopi ndi sopo, mumange duku, muvale epuloni yoyera, wogwira ndalama asagwire buledi wolawitsa. Pa sitika lembani zomwe mwathiramo, tsiku lopangira ndi tsiku lothera mphamvu.

Koma nkhawa yanga yeniyeni pa chiponde ndi chuku. Mtedza wonyowa, wofumbwa, wonyala kapena wakuda mkati umakhala ndi poizoni uja amati aflatoxin, kukazinga sikumuchotsa, ndipo amaononga chiwindi pang'onopang'ono komanso ana amapinimbira naye. Ogulitsa ena amawaza madzi pa makoko kuti asavutike posenda, mtedza umenewo ndi umene umachita chuku. Mukamaoda pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, nunkhizani, tafunani, kenako kunyumba musankhe pa lichero umodzi umodzi. Wotaya musaumvere chisoni, ndipo musapatse ana kapena nkhuku.

Nachisale wa ku Chilobwe

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba mu kope zonsezi. Mtedza ndimagwiritsa wa CG7 wofiira uja, amandibweretsera achimwene anga kuchoka ku Mchinji ndipo ndimasankha ndekha, malambe ndimaoda kwa amayi ochokera ku Zalewa. Za MBS ndipitako sabata ya mawa. Funso lina, chenji ndikonze bwanji, nanga olipira pa foni? Komanso chiponde changa chikakhala padzuwa mafuta amayandama pamwamba, anthu sadzaganiza kuti chaonongeka?

Wa Chiwaya ku Bangwe

Chenji yambani kusunga lero lomwe. Kumapeto kwa mwezi anthu alandira kumene, aliyense atulutsa K5,000 kugula chinthu cha K1,000, makasitomala atatu oyamba akumalizani ma K500 onse nkuyamba kuthamanga matebulo a eni kupempha. Ma K100, K200, K500 ndi K1,000 muwamange padera ndi labala, ndalama zikhale m'kachikwama ka m'chiuno kutsogolo, osati m'mbale pa tebulo. Ma K5,000 akachuluka muzisamutsira kwina mwakachetechete.

Pa foni khalani ndi zonse ziwiri, Airtel Money ndi Mpamba, manambala alembedwe pa katoni ija ya mitengo pamodzi ndi dzina lomwe lituluke kuti munthu asatumize kolakwika. Koma apa mumvetsetse, munthu akakuonetsani mesegi pa foni yake kuti ndatumiza, si umboni umenewo. Ena amakutumizirani mesegi yonama yooneka ngati yeniyeni. Lowani nokha pa *211# kapena *444# muone balansi katundu asanachoke, olo pamzere pali anthu. Pagulu netiweki imavuta nde musakwiye, muuzeni munthuyo aime pambali alaweko buledi mukudikira. Foni ikhale yodzadza, ndipo pawa banki mubwereke.

Make Pemphero

Za mafutazo musade nkhawa, CG7 ali ndi mafuta ambiri ndiye amatero, ndipo ndi poyambira nkhani pabwino. Muziwauza kuti ichi ndi mtedza ndi mchere basi, mafutawo ndi a mtedza womwewo, mungotakasa ndi sipuni. Komabe musaike onse padzuwa, patebulo pakhale ochepa oonetsa, muwakweze pa katoni yofundika chitenje kuti aoneke patali, ena onse pansi pa tebulo pamthunzi, muzionjezera akamatha.

Chomwe sitinakambe ndi abale ndi anzathu a kumpingo. Adzabwera, adzakuyamikirani, kenako mumva kuti ndipatseni awiri ndikupatsani lachitatu. Inu mpamba ndi wa ngongole, gulu silidzamva zoti mabotolo ali kwa alamu anu. Muwayankhe mokoma kuti lero ndi kashi chifukwa katunduyu ndi wa gulu, za pangongole mundipeze kunyumba. Zikakuvutani kukana, wokuthandizaniyo ndi amene azigwira chikwama, inu muzingoti ndalama sindikusunga ndine. Ndipo makwaya akangotha musafulumire kupakira, anthu ambiri safuna kuyenda ndi botolo tsiku lonse nde amagula akamatuluka, cha m'ma 4 koloko mpomwe tebulo limatentha. Wa kabaza mugwirizane naye nthawi ndi mtengo mmamawa momwe, chifukwa madzulo onse akamatuluka pamodzi amakweza. Mukachoka ku MBS kuja mudzatiuze zomwe akakuuzeni, alipo ambiri muno omwe akufuna kupitako.