"Mwamuna mnzako mpachulu": kodi mwambiwu umawerengeranso akazi?

Wofunsa

Akuluakulu, ndithandizeni tanthauzo la mwambi uwu: "Mwamuna mnzako mpachulu, n'kulinga utakwerapo." Ndakhala ndikuumva kuyambira ndili mwana, koma mawu oti "n'kulinga" sindiwamvetsa bwino, ndipo masiku ano sindimva achinyamata akuwatchula pocheza.

Chandifunsitsa n'chakuti ndine mmodzi mwa oyang'anira gulu la pa intaneti la anthu ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mayi wina anapeza pamene pankalakwika mu pulogalamu imene inatizunguza mitu tonse, ndipo bambo wina pomuyamikira analemba mwambi umenewu. Mayiyo anathokoza, kenako anafunsa kuti, "Kodi kuti mundiyamikire mpaka mundisandutse kaye mwamuna?" Gulu lagawanika. Ena akufuna tiike lamulo loti aliyense azilemba "munthu mnzako", ena akuti mwambi sausintha. Sindikufuna kuweruza nkhani ya mwambi umene sindikuudziwa mutu wake.

Mphunzitsi wopuma

Mwafunsa bwino, mwanangu. "N'kulinga uta-" ndi chimodzimodzi kunena kuti "pokhapokha uta-". Timati kumudziwa munthu n'kulinga utakhala naye, ndiye kuti usanakhale naye usanene kuti ukumudziwa. Ena mwambi womwewu amaumaliza kuti "umalinga utakwerapo", koma mfundo yake sisintha.

Chulu ukachionera patali chimaoneka chachifupi, choti ungachikwere mothamanga. Ukafika m'pamene umapeza kuti dothi lake ndi louma gwa, m'mbali mwake motsetsereka, popondapo posowa. Choncho usadzitame kuti wachigonjetsa usanaime pamwamba pake. Mwambiwu amauza munthu amene akuderera mnzake: wodzitama kuti amugwetsa, amuposa, kapena kuti uja sangandichite kanthu. Si mwambi woyamikira kwenikweni ayi, ndi wochenjeza. Ndiye bambo anaulembayo, kaya ankadziwa kaya sankadziwa, anaulula kuti m'gulu mwanumo munali anthu amene ankawaderera mayiwo asanaonetse luso lawo. Ine pamenepo m'pamene ndikuona nkhani, kuposa pa liwu loti "mwamuna".

Koma liwulo silinagwemo mwangozi. Amene ankaganiziridwa kuti angalimbane nawe mpaka kukugwetsa anali mwamuna. Mkazi sankawerengeredwa n'komwe pa anthu oti uwaope.

Mayi wa mapulogalamu

Aphunzitsi, chiganizo chanu chomalizacho ndi chimene chimatiwawa ife.

Chichewa chili ndi mwayi umene zinenero zambiri zilibe. "Iye" ndi mkazi kapena mwamuna. "Wabwera", "anati", "buku lake", palibe chimene chikuulula kuti ukunena za ndani. Mphunzitsi, mlembi, wapampando, mwini, onsewa alibe mbali. Ngakhale "mlongo" amatembenuka: mlongo wa mwamuna ndi mkazi, mlongo wa mkazi ndi mwamuna. Anzathu olankhula Chingerezi akhala zaka akukangana pa "he" ndi "she", mpaka mtanthauziramawu wa Merriam-Webster anasankha "they" wonena munthu mmodzi kukhala liwu la chaka cha 2019. Ku Sweden anachita kutenga liwu latsopano losasankha mwamuna kapena mkazi, "hen", limene linalowa mu mndandanda wa mawu wa bungwe losamalira chinenero chawo, Swedish Academy, mu 2015. Chimene iwo akuchivutikira ife tinabadwa nacho, monganso olankhula Chiswahili ndi "yeye" wawo, kapena a ku Finland ndi "hän".

Nanga bwanji mkazi amadzimvabe mlendo m'magulu athu a pa intaneti? Chifukwa tsankho lathu silikhala mu galamala. Limabisala m'miyambi ndi m'malonje. Munthu amalowa m'gulu n'kulemba kuti "Madala, zikuyenda?" ngati kuti akazi mulibe. Ukayankha funso lovuta usanaike chithunzi, amakuthokoza kuti "zikomo achimwene", poti m'mutu mwawo wodziwa zimenezi sangakhale mkazi. Ukanena kuti ndine mayi, mafunso amasintha, ena amayamba kukulembera kumbali zosakhudzana ndi phunziro. Ndipo ukafuna udindo pali mwambi wina umene umakudikirira, uja woti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Umenewo sufuna kutanthauzira, cholinga chake n'kukukhazika pansi basi.

Zing'onozing'ono zoterezi zikaunjikana, akazi amangosiya kulemba, kenako amatuluka osatsanzika. Kafukufuku wa mu 2011 wa Wikimedia, bungwe loyendetsa Wikipedia, anapeza kuti mwa anthu olemba Wikipedia, akazi sankakwana ngakhale mmodzi pa khumi aliwonse, chonsecho pakhomo pake panalibe chikwangwani chowaletsa.

Bambo wokonda miyambi

Mayi, ndakumvani ndipo za "achimwene" zija sindikutsutsa. Koma lamulo losintha mwambi ndikulikana. Mwambi ndi mawu a anthu amene anapita, ndipo umatiuza mmene iwo ankaonera dziko, zabwino ndi zoipa zomwe. Tikayamba kuikonza kuti igwirizane ndi ife, ana athu adzaganiza kuti makolo ankaganiza ngati ife, pamene si zoona.

Komanso lamulo la mawu limatha kuphwasula gulu. Mu 2019 kampani ya Stack Exchange, kumene anthu ambiri a mapulogalamu amafunsirana mafunso, inasintha malamulo ake kuti munthu azitchulidwa ndi mlowam'malo (monga "he", "she" kapena "they") amene wanena yekha. Cholinga chinali chabwino, koma nkhaniyo inayendetsedwa mwaphuma, woyang'anira wina wongodzipereka anachotsedwa, ndipo oyang'anira anzake ambiri anatula pansi udindo. Ku France nako, bungwe losamalira chinenero cha Chifalansa, Académie française, mu 2017 linatsutsa mwamphamvu kalembedwe katsopano kophatikiza amuna ndi akazi m'liwu limodzi. Anthu safuna kulamulidwa pakamwa.

Mayi wa mapulogalamu

Bambo, bungwe lomwelo la ku France mu 2019 linavomereza kuti maina a ntchito ndi maudindo akhale ndi mtundu wachikazi. Silinakakamizidwe ndi lamulo, linangoona kuti anthu anayamba kale kulankhula choncho.

Inenso sindikupempha lamulo, ndipo sindikufuna kuti mwambi ufufutidwe m'mabuku. M'buku ukhale mmene ulili, ana aphunzire kuti unkanenedwa chotani komanso chifukwa chake. Koma pamene ukuulankhula kwa munthu wamoyo amene ali nawe m'gulu limodzi, umasankha wekha mawu. Miyambi timaipinda tsiku ndi tsiku, aphunzitsi angotionetsa kumene kuti uwu uli ndi mathero awiri. Ukati "munthu mnzako mpachulu", chenjezo lija lilipobe lonse, ngakhale kamvekedwe ka m-m-m koyambirira sikanathawe. Chimene chachoka ndi ganizo loti woyenera kumuopa ndi mwamuna yekha. Ndipo alipo anthu ena m'magulumu amene safuna kutchulidwa bambo kapena mayi, ena pa zifukwa za chitetezo, ena chifukwa ndi mmene amadzionera. Kwa onsewo "anzanga", "abale", "akuluakulu" ndi "inu" amakwana popanda kuwafunsa mafunso.

Mphunzitsi wopuma

Ndikugwirizana ndi mayiwa. Bambo, nkhawa yanu ndi yoona pa zolembedwa, koma amene anapeka miyambiyi ankafuna kuti igwire ntchito pa anthu amene ali pamaso pawo. Mwambi ukalasa munthu amene umafuna kumulemekeza, waphonya. Mwanangu wofunsa, musaike chilango. Lankhulani ndi bambo uja kumbali, mumufotokozere kuti mwambiwu ndi wochenjeza oderera, ndipo mumufunse ngati analidi kuwaderera mayiwo. Yankho lake likuuzani zambiri za gulu lanu.

Wofunsa

Zikomo nonse. Lamulo la chilango sitiika. Pa uthenga wolandirira anthu atsopano tilembapo kuti m'gulu muno muli amayi, abambo ndi ena amene sanadzitchule, choncho munthu amene simukumudziwa muzimuti "inu" kapena kumutchula dzina limene walemba yekha, ndipo akakuuzani mmene akufunira kutchulidwa, mutsatire. Tapemphanso mayi anapeza cholakwika mu pulogalamu uja kuti akhale mmodzi mwa oyang'anira, poti mpaka pano tonse tinali amuna.

Aphunzitsi, funso lina: liwu loti "bwana" ena m'gulu akuti ndi la amuna okha, ena akuti masiku ano ngakhale mkazi woyang'anira ntchito timamuti bwana. Inu mumaliona bwanji?