Thandizo: ndidziwa bwanji kuti kamba wapuma mpweya pomwe sanayandame?

Moni nonse abale. Ndine wophunzira wa digiri yoyamba kuno ku Ontario, Canada, ndipo kafukufuku wanga ndi wa akamba a m'madzi otchedwa snapping turtle, Chelydra serpentina, mmene amapumira, kumira ndi kuyenda m'dambo nthawi yotentha.

Vuto ndi ili: tinamata ma depth logger (tizipangizo toyeza kuya komwe kamba ali m'madzi) ndi guluu wa epoxy kumbuyo kwa chigoba kuti tiziona nthawi yomwe kamba wakwera kudzapuma, koma akambawa khosi lawo ndi lalitali zedi, akakhala pamadzi osaya amangogona m'matope n'kutambasula khosi mpaka timphuno tokha titulukire pamwamba, ndiye logger imaonetsa ngati ali pansi nthawi yonse pomwe wapuma kale kambirimbiri. Data yonse ikuoneka ngati kumira kumodzi kosatha.

Ndayesapo kamera koma madzi ndi akuda, usiku ndiye osaona kanthu. Ndayesa diveMove mu R (pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira data ya kumira kwa nyama) kusintha threshold, malire a kuya omwe imayambira kuwerenga kuti kamba wamira, sizinathandize poti chigobacho sichisuntha n'komwe. Accelerometer (kachipangizo koyeza kugwedezeka) ilipo koma nayo ili pachigoba. Chikundisokonezanso china n'choti nyengo yozizira amatha miyezi pansi pa ayezi akutenga oxygen kudzera pakhungu ndi kukhosi, ndiye madzi akazizira sindidziwa ngati kusakwerako n'koona kapena ndi logger.

Alipo amene anagwirapo ntchito ndi akamba kapena ng'ona pamadzi osaya? Accelerometer ya pachigoba ingagwire kagwedezeka ka kupuma, nanga ndiyiike pa Hz zingati (iziyeza kangati pa sekondi)? Kumata kanthu pamutu sindikufuna, amaluma koopsa komanso ndingamuvutitse. Chonde ndithandizeni.